Mmene Mungasankhire Nyengo Yabwino Yokacheza pa Chilumba cha Kumalo Otentha

Zithunzi zimene makampani okopa alendo amaika pa intaneti zimafanana zonse: mchenga woyera mbuu, madzi oonekera mpaka pansi, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Chimene sakuuzani ndi mwezi umene chithunzicho chinajambulidwa. Gombe lomwelo mukalipeza patadutsa miyezi inayi, mungaone mafunde akuwinduka, ndere zitaunjikana mumchenga, ndipo boti limene mumati mukwere lili lomangirira padoko kwa masiku atatu.

Anthu ambiri amafunsa kuti, "Kodi mwezi wabwino wopita kuchilumba ndi uti?" Funsoli lilibe yankho limodzi. Yankho limadalira komwe chilumbacho chili, mbali ya chilumba imene mukagone, ndi chimene mukukachita kumeneko. Pa zonsezi, anthu amaopa mvula kwambiri, koma ine ndimaona kuti chimene chimakonza kapena kuwononga ulendo kawirikawiri ndi mphepo. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba: tsegulani mapu, kalendala ibwere pambuyo

Pezani chilumbacho pa mapu ndipo muone ngati chili kumpoto kapena kum'mwera kwa mzere wa ikweta, komanso kuti chatalikirana nawo bwanji. Dera lotentha la dziko lapansi limayambira pa madigiri pafupifupi 23 ndi theka kumpoto mpaka madigiri omwewo kum'mwera. M'dera limeneli kutentha sikusintha kwambiri chaka chonse, choncho nyengo zake n'zamvula ndi zachilimwe basi. Pali lamba wa mitambo yamvula amene amazungulira dziko lonse ndipo amatsatira dzuwa. Dzuwa likakwera kumpoto, cha m'ma Juni, lambayo amapita kumpoto. Likatsikira kum'mwera, cha m'ma Disembala, nayenso amatsika.

Mukadziwa zimenezi, theka la ntchito latha. Zilumba za kum'mwera kwa ikweta, monga Mauritius, Réunion, Madagascar, Fiji ndi Bali, zimalandira mvula yambiri kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo kumakhala kouma ndi kozizirirapo kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Zilumba zakumpoto zimachita mosemphana. Ku Caribbean, ku Phuket ndi ku Maldives, nyengo youma imayamba cha mu Disembala n'kufika mu Epulo.

Zilumba zoyandikana kwambiri ndi ikweta zili ndi khalidwe lake. Lamba wa mvula uja amadutsapo kawiri pa chaka, popita ndi pobwerera. N'chifukwa chake ku Zanzibar kuli nyengo ziwiri zamvula. Yaikulu, imene eni ake amaitcha masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo Epulo ndiye pachimake. Yaing'ono, yotchedwa vuli, imagwa cha mu Novembala ndi Disembala. Mvula ya vuli nthawi zambiri imagwa n'kukata, moti munthu amatha kucheza bwinobwino. Ya masika ndi ina: imatha kukhala mvumbi wa masiku angapo, ndipo malo ena ogona alendo amatseka kumene mu Epulo ndi Meyi kuti akonze nyumba zawo.

Chachiwiri: fufuzani nyengo ya namondwe

Mvula imangokunyowetsani, koma namondwe amatseka mabwalo a ndege, amazimitsa magetsi, amagwetsa nyumba ndipo amapha. Choncho musanaganize za china chilichonse, dziwani ngati chilumbacho chili m'njira ya anamondwe, ndi miyezi imene amabwera.

Namondwe wamkulu amabadwira panyanja pamene madzi atentha kufika madigiri pafupifupi 26 ndi theka. Amafunanso mphamvu ya kuzungulira kwa dziko kuti mphepo yake iyambe kuzungulira, ndipo mphamvu imeneyi n'njochepa kwambiri pafupi ndi ikweta. N'chifukwa chake zilumba zimene zili mkati mwa madigiri asanu kuchokera pa ikweta sizikhudzidwa kawirikawiri. Mahé ndi Praslin ku Seychelles zili m'gulu limeneli, chimodzimodzinso mbali yaikulu ya Maldives. Ku Caribbean, zilumba za Aruba, Bonaire ndi Curaçao, zomwe zili pafupi ndi gombe la Venezuela, zili kum'mwera kwa njira imene anamondwe ambiri amadutsa.

Panyanja ya Atlantic ndi Caribbean, nyengo ya namondwe imayamba pa 1 Juni ndipo imatha pa 30 Novembala. Koma miyezi isanu ndi umodziyi siyofanana. Ngozi yaikulu ili pakati pa Ogasiti mpaka pakati pa Okutobala, ndipo pachimake ndi cha pa 10 Seputembala. Anamondwe Irma ndi Maria, amene anasakaza Barbuda, Saint Martin, Dominica ndi Puerto Rico, onse anabwera mu Seputembala 2017. Dorian anagwera pa zilumba za Abaco ndi Grand Bahama ku Bahamas mu Seputembala 2019. Komabe musati Juni ndi Julayi alibiretu choopsa, chifukwa Beryl anafika pa chilumba cha Carriacou ku Grenada pa 1 Julayi 2024, nyengo itangoyamba kumene.

Kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, komwe kuli Mauritius, Réunion ndi Madagascar, nyengoyi imayamba pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo Januwale mpaka Malichi ndiyo miyezi yoopsa. Mu Januwale 2024 namondwe Belal anadutsa pa Réunion ndipo madzi anasefukira m'misewu ya Port Louis ku Mauritius. Dziko la Mauritius limachenjeza anthu pogwiritsa ntchito magawo anayi, Class 1 mpaka Class 4. Akalengeza Class 3, ntchito zimaima, anthu amatsekera m'nyumba, ndipo maulendo a ndege amasokonekera. Kum'mwera kwa Pacific, ku Fiji, Vanuatu, Tonga ndi Samoa, nyengoyi ndi 1 Novembala mpaka 30 Epulo. Winston, amene anawononga kwambiri ku Fiji, anabwera mu Febuluwale 2016. Ku Philippines namondwe angabwere mwezi uliwonse, ngakhale ambiri amabwera kuyambira Julayi mpaka Okutobala, ndipo Haiyan anafika mochedwa, mu Novembala 2013.

Sindikunena kuti musapite konse m'miyezi imeneyi. Chilumba n'kadontho panyanja yaikulu, ndipo masabata ambiri a nyengo ya namondwe amadutsa popanda kanthu. Koma ngati ulendowo ndi waukwati, kapena ndi wa kamodzi pa moyo, kapena muli ndi ana aang'ono ndi okalamba, pewani masabata a pachimake. Kutchova juga kotere asiyireni amene angathe kusintha masiku awo mosavuta.

Chachitatu: dziwani komwe mphepo ikuchokera, ndipo musankhe mbali ya chilumba

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amawerenga kuti "mwezi wakutiwakuti ndi wabwino ku Sri Lanka" n'kugula tikiti, osadziwa kuti chilumba chimodzi chingakhale ndi nyengo ziwiri tsiku lomwelo.

Mphepo yochokera panyanja imanyamula chinyezi. Ikagunda phiri imakwera, imazizira, n'kukhuthula mvula mbali imene yafikira. Ikamatsikira mbali inayo imakhala itauma. Choncho chilumba chilichonse chamapiri chili ndi mbali yolandira mphepo, yomwe imakhala yobiriwira, yamvula ndi yamafunde, ndi mbali yobisika ku mphepo, yomwe imakhala youma ndi yabata. Pa chilumba chachikulu cha Hawaii, tauni ya Hilo imalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa chaka, pamene malo ena a gombe la Kohala, kuseri kwa mapiri, salandira ngakhale mamilimita 300. Ndi ulendo wa maola awiri okha pagalimoto. Ku Réunion nakonso kum'mawa kumanyowa, kumadzulo kumauma. Pamalo otchedwa Foc-Foc pachilumbachi panagwa mvula ya mamilimita 1,825 m'maola 24 okha mu Januwale 1966, imene mpaka pano ndi yochuluka kwambiri yomwe inayezedwapo pa tsiku limodzi padziko lonse. Koma mahotela ambiri a m'mphepete mwa nyanja ali kumadzulo, cha ku Saint-Gilles, komwe dzuwa limawala masiku ambiri.

Kumene mphepo imaomba kuchokera mbali imodzi chaka chonse, nkhani n'njosavuta. Ku Mauritius mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo imalimba kuyambira Juni mpaka Seputembala. M'miyezi imeneyi gombe lakum'mawa, monga Belle Mare, limazizira ndipo mchenga umakulasani m'miyendo, pamene kumpoto ndi kumadzulo, ku Grand Baie kapena Flic en Flac, kumakhala bata. Ikafika miyezi yotentha, mphepo yomwe ija yakum'mawa imasanduka dalitso chifukwa imachotsa thukuta.

Nkhani imavuta kumene mphepo imatembenuka kawiri pa chaka, imene amaitcha monsoon. Ku Sri Lanka, kuyambira Meyi mpaka Seputembala mphepo imachokera kum'mwera chakumadzulo, ndipo magombe a Bentota, Galle ndi Mirissa amakhala ndi mvula ndi mafunde oopsa. Nthawi yomweyo kum'mawa, ku Trincomalee ndi Arugam Bay, kumakhala kouma ndipo n'kumene alendo amathamangira. Mphepo ikatembenuka chakumapeto kwa chaka, kum'mawa kumanyowa, ndipo kum'mwera ndi kumadzulo kumakoma kuyambira Disembala mpaka Malichi. Choncho pafupifupi mwezi uliwonse chilumbachi chili ndi gombe labwino, bola mudziwe kuti ndi liti.

Ku Thailand n'chimodzimodzi. Phuket ili panyanja ya Andaman ndipo mvula yake ndi ya Meyi mpaka Okutobala. Koh Samui ili mbali inayo, ndipo mvula yake yaikulu imabwera mochedwa, Okutobala mpaka Disembala. Amene wapita ku Samui mu Novembala pomva kuti "nyengo youma yayamba ku Thailand" amakafika pachimake penipeni pa mvula. Zilumba za Similan, zotchuka kwa osambira pansi pa madzi, boma limazitseka kuyambira pakati pa Meyi mpaka pakati pa Okutobala, ndiye ngakhale mutalimba mtima bwanji simungakafikeko.

Ku Zanzibar mphepo zili ndi mayina. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa cha mu Disembala mpaka Malichi, ndipo ndi nyengo yotentha. Kusi imachokera kum'mwera, imalimba kuyambira Juni mpaka Seputembala, kunja kumazizirirapo koma nyanja imavuta. Amene amachita nseru paboti aziganizira zimenezi asanakwere sitima ya maola awiri yochokera ku Dar es Salaam. Ku Maldives mphepo ya nyengo youma amati iruvai, ya nyengo yamvula amati hulhangu. Ku Boracay, ku Philippines, amati amihan ndi habagat, ndipo habagat ikamaomba kuyambira cha mu Juni, gombe lotchuka la White Beach ndilo limalandira mafunde onse.

Mphepo imabweretsanso zinthu pagombe. Ku Praslin, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamaomba kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndere zimaunjikana pa gombe la Grand Anse. Ku Caribbean, kuyambira chaka cha 2011, ndere zofiirira zotchedwa sargassum zakhala zikufika zambirimbiri pa magombe oyang'ana kum'mawa, makamaka kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti. Zikayamba kuola zimanunkha ngati mazira ovunda, ndipo palibe chithunzi cha hotela chimene chingakuuzeni zimenezo. Ku Bali, m'miyezi yamvula mphepo yakumadzulo imakankhira zinyalala za pulasitiki pa magombe a Kuta ndi Seminyak.

Ndiye chitani izi. Pezani hotela imene mukufuna pa mapu, muone kumene gombe lake layang'ana. Kenako fufuzani kumene mphepo imachokera m'mwezi umene mukufuna kupita. Ngati gombe layang'anizana ndi mphepo, sinthani mwezi kapena sinthani gombe. Nthawi zambiri kusintha gombe n'kosavuta, ndipo sikufuna kupempha tchuthi china kuntchito.

Chachinayi: werengani ziwerengero za mvula mwanzeru

Nthambi zoona zanyengo za mayiko ambiri zimaika pa intaneti matebulo a mvula ndi kutentha kwa mwezi ndi mwezi. Ziwerengero zodalirika zimakhala za zaka 30, ndipo zimene zikugwiritsidwa ntchito pano ndi za 1991 mpaka 2020. Musamangoona mamilimita okha. Onaninso masiku amene mvula imagwa pa mwezi ndi maola amene dzuwa limawala pa tsiku. Mamilimita 200 ogwa m'mabingu a ola limodzi masana, dzuwa n'kutulukanso, si vuto kwa munthu wokacheza. Mamilimita 200 omwewo akagwa mwamvumbi, kumwamba kuli bii sabata yonse, tchuthi chatha.

Onaninso malo amene anayezera. Kawirikawiri choyezera mvula chimakhala pa bwalo la ndege kapena mumzinda waukulu, pomwe inu mukagona kutali, mwinanso kuseri kwa phiri. Ziwerengero za Curepipe, pamtunda pakati pa Mauritius, zingakuopsezeni pachabe ngati mukupita kugombe lakumadzulo.

Kamtambo kamvula kamene pulogalamu ya pafoni imaonetsa tsiku lililonse musakakhulupirire kwambiri. Kumalo otentha kamaoneka pafupifupi masiku onse, chifukwa penapake pachilumbapo mvula imagwadi, ngakhale kwa mphindi khumi.

Chimene anthu amaiwala ndi chinyezi. Madigiri 30 a nyengo youma, kamphepo kakuomba, n'ngokoma. Madigiri 30 omwewo mvula itatsala pang'ono kuyamba, mpweya uli zii, zovala zikumatirira pathupi, amatopetsa ndipo usiku tulo sitibwera. Kwa odwala mtima, amayi oyembekezera ndi ana akhanda, miyezi yozizirirapo ndiyo yabwino.

Chachisanu: dzifunseni chimene mukukachita

Mwezi woipa kwa wina ndi wabwino kwa mnzake. Wofuna kungogona pamchenga amafuna bata. Woseweretsa kaiti pamadzi amafuna mphepo, ndipo ku Paje ku Zanzibar amakhamukirako nthawi ya kusi komanso ya kaskazi. Woyenda pamafunde ndi thabwa amafuna mafunde akuluakulu. Kumpoto kwa chilumba cha Oahu ku Hawaii mafunde oterowo amabwera cha mu Novembala mpaka Febuluwale, ndipo nthawi imeneyo munthu wamba sayenera kulowa m'madzimo. Gombe lomwelo mu Julayi limakhala phee ngati dziwe. Ku Bali oyenda pamafunde amasewera kumadzulo, monga ku Uluwatu, m'chilimwe, mvula ikayamba amasamukira kum'mawa.

Osambira pansi pa madzi amafuna madzi oyera, ndipo madzi amayera pamene mphepo yaleka ndipo mitsinje sikukhuthulira matope m'nyanja. Ku Seychelles nthawi yabwino ndi pamene mphepo ikutembenuka, mu Epulo ndiponso mu Okutobala ndi Novembala.

Nyama zili ndi kalendala yakeyake, ndipo siigwirizana ndi ya mahotela. Anangumi amafika pafupi ndi chilumba cha Sainte-Marie ku Madagascar kuyambira Julayi mpaka Seputembala, ku Tonga kuyambira Julayi mpaka Okutobala, ku Hawaii cha mu Disembala mpaka Epulo. Shaki zikuluzikulu zamawangamawanga, zija zosaluma anthu, zimaoneka pafupi ndi chilumba cha Mafia ku Tanzania kuyambira cha mu Okutobala mpaka Febuluwale. Akamba aakulu a m'nyanja amakwera pa gombe la Grande Rivière ku Trinidad kudzaikira mazira kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. Pa Christmas Island, chilumba cha dziko la Australia, nkhanu zofiira mamiliyoni zimatuluka m'nkhalango kupita kunyanja mvula yoyamba ikagwa, cha mu Okutobala mpaka Disembala, ndipo misewu ina amaitseka kuti zidutse.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Hanifaru Bay ku Maldives. Nsomba zikuluzikulu zamapiko zotchedwa manta zimasonkhana kumeneko cha mu Juni mpaka Novembala, ndiye kuti m'nyengo ya hulhangu, imene mabuku a alendo amaitcha "yoipa". Mphepo yomwe ikubweretsa mvulayo ndiyo imakankhira tizamoyo ting'onoting'ono m'gombemo, ndipo nsombazo zimatsatira chakudya. Walira mvula walira matope: wofuna kuziona avomere kunyowa.

Chachisanu ndi chimodzi: ganizirani khamu la anthu, thumba lanu ndi masiku apadera a eni dera

Mitengo siitsatira nyengo yokha, imatsatiranso tchuthi cha anthu a kumayiko ena. Masabata a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi okwera mtengo pafupifupi pa chilumba chilichonse, ngakhale kumene kukugwa mvula, monga ku Bali, Fiji ndi Mauritius. Julayi ndi Ogasiti amadzaza ndi mabanja a ku Europe. Ku Bali ndi ku Fiji mitengo imakweranso ana a sukulu a ku Australia akatsekera. Zilumba za ku Asia zimadzaza nthawi ya chaka chatsopano cha anthu a ku China, chomwe chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale.

Ine ndimakonda masabata a m'mphepete, pamene nyengo yabwino ikuyamba kapena ikutha. Ku Caribbean ndi kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, khamu litachoka, namondwe asanayambe, kapena kumayambiriro kwa Disembala mitengo isanakwere. Ku Bali ndi Meyi, Juni ndi Seputembala. Ku Mauritius ndi Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Mvula itangotha n'kokoma kuposa isanayambe, chifukwa dziko limakhala lobiriwira, mathithi ali ndi madzi, ndipo fumbi kulibe. Choipa chake n'chimodzi: udzudzu umachuluka m'nyengo yamvula ndi masabata otsatira. Matenda a dengue amabuka nthawi imeneyi pa zilumba zambiri, ndipo chikungunya inavutitsa kwambiri ku Réunion mu 2005 ndi 2006, n'kubukanso mu 2025. Ku Madagascar kuli malungo. Kaonaneni ndi achipatala kutatsala milungu ingapo, osati tsiku lonyamuka.

Fufuzaninso kalendala ya eni chilumba. Ku Bali kuli tsiku la Nyepi, lomwe kawirikawiri limagwa mu Malichi. Kwa maola 24 palibe woyenda mumsewu, magetsi amazimitsidwa kapena kuphimbidwa, alendo amakhala m'hotela, ndipo ngakhale bwalo la ndege la Ngurah Rai limatseka. Ena amapitira dala kuti akaone bata limenelo, koma n'zowawa kulidziwira pamene mukufuna kukwera ndege. Ku Zanzibar ndi ku Maldives anthu ambiri ndi Asilamu. M'mwezi wa Ramadan malo ambiri odyera m'tauni amatseka masana, ndipo mlendo waulemu sadyera kapena kumwera pagulu, ngakhale m'mahotela akuluakulu zinthu zimayenda monga mwa masiku onse. Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho musadalire masiku a chaka chatha. Ngati mukutsatira zikondwerero, chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara chimachitika mu Febuluwale ku Stone Town ku Zanzibar, Carnival ya ku Trinidad imafika pachimake Lolemba ndi Lachiwiri lisanafike Lachitatu la Phulusa, ndipo Crop Over ya ku Barbados imatha Lolemba loyamba la Ogasiti. Malo ogona pa masiku amenewa amatha kudakali miyezi.

Chachisanu ndi chiwiri: onani mmene chaka chimenecho chikuyendera

Matebulo amanena za chaka wamba, koma zaka zina zimapatuka. M'chaka cha El Niño, pamene madzi a mbali ina ya nyanja ya Pacific atentha kuposa nthawi zonse, ku Indonesia, komwe kuli Bali, kumauma ndipo mvula imachedwa, anamondwe a Atlantic amakonda kuchepa, pamene mvula ya vuli kugombe la kum'mawa kwa Africa imachuluka, monga zinachitikira kumapeto kwa 2023. M'chaka cha La Niña, madziwo akazizira, zambiri mwa izi zimatembenuka. Musanalipire, werengani zimene nthambi yoona zanyengo ya dzikolo yalengeza za miyezi itatu ikubwerayi. Za namondwe, National Hurricane Center ya ku Miami imayang'anira Atlantic, Météo-France ku Réunion imayang'anira kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, ndipo ofesi ya ku Nadi ku Fiji imayang'anira mbali yaikulu ya kum'mwera kwa Pacific.

Ngati masiku a tchuthi ndi okhazikika kale

Ambiri sitisankha mwezi, amatisankhira ndi abwana kapena sukulu ya ana. Pamenepo tembenuzani funso: m'malo mofunafuna mwezi wa chilumba, funani chilumba cha mwezi wanu. Wa tchuthi cha Januwale kapena Febuluwale ayang'ane Maldives, Phuket, kum'mwera kwa Sri Lanka, Caribbean, kapena Zanzibar ngati sakuopa kutentha. Wa Epulo aganizire Seychelles, ndipo Zanzibar aisiye. Wa Julayi ndi Ogasiti ali ndi mwayi waukulu: Bali, Fiji, Zanzibar, kum'mawa kwa Sri Lanka, Koh Samui, kumadzulo kwa Mauritius. Wa Seputembala amene mtima wake uli ku Caribbean basi, apite ku Aruba kapena Curaçao. Novembala ndi mwezi wovuta chifukwa malo ambiri amakhala pakati pa nyengo ziwiri, koma Mauritius ndi Seychelles kawirikawiri zimakhala bwino.

Potsiriza: konzani masiku enieni

Mwasankha mwezi, tsopano yang'anani mwezi wakumwamba. M'malo ambiri nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, kudzaza ndi kuphwako kumakula. Ku Maldives ndi ku Caribbean kusiyanako n'kochepa, simungakulabadire. Koma kum'mawa kwa Zanzibar, ku Paje ndi Jambiani, madzi amathawa kutali kwambiri moti wofuna kusambira ayenera kudikira maola angapo, pamene ku Nungwi ndi Kendwa, kumpoto, amasambira nthawi iliyonse. Matebulo a kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja amapezeka pa intaneti a chaka chonse. Ku Waikiki ku Hawaii, tizamoyo toluma tonga odzola timafika pagombe patapita masiku 8 mpaka 10 mwezi utakhala wathunthu, ndipo oyang'anira gombe amaika zikwangwani zochenjeza.

Lemberani hotela kapena mwini boti, ndipo funso likhale lachindunji. Mukafunsa kuti "nyengo imakhala bwanji," adzati ndi yabwino, chifukwa akufuna kasitomala. Funsani kuti m'mwezi womwewo chaka chatha boti linalephera kunyamuka masiku angati, ngati pagombe pawo pamafika ndere, ndi ngati malo odyera oyandikana nawo amakhala otsegula. Pa intaneti, sankhani ndemanga ndi zithunzi za alendo amene anapita m'mwezi umene inu mukufuna.

Ngati mukupita m'nyengo ya namondwe, tengani chipinda ndi tikiti zotheka kusintha, ndipo inshuwaransi ya ulendo muigule tsiku lomwe mwalipira tikiti. Makampani ambiri salipira kanthu ngati mwagula inshuwaransi namondwe atapatsidwa kale dzina. Werengani ngati ikulipira kuchedwa kwa ndege ndi masiku owonjezera ogona, osati chipatala chokha. Masiku a ulendo akhale okwanirako: pa masiku atatu, mvula ya masiku awiri yadya ulendo wonse, pamene pa masiku khumi simungaidandaule. Maulendo a paboti muwaike kumayambiriro kuti akalephereka mukhale ndi tsiku lina loyeserera.

Ndipo ngati chilumba chanu n'chaching'ono, chofikirika paboti kapena kandege kakang'ono, musabwerere tsiku lomwelo limene ndege yaikulu ikunyamuka. Ku Maldives ndege zotera pamadzi zimauluka masana okha, ndipo kulikonse boti limaima nyanja ikakwiya. Gonani usiku womaliza pa chilumba chimene pali bwalo la ndege.